Uthenga ngwaulere, koma mlongoti umadya ndalama

Pa malo ena ometera tsitsi pafupi ndi msika wa pa boma la Mangochi pali kanema amene sazima pokhapokha magetsi akathima. Tsiku lina ndikudikira mpando, pa kanemapo panali mbusa akulalikira, ndipo m'munsi mwa chithunzi munkadutsa kamzere ka manambala: ya Airtel Money, ya Mpamba, ndi akaunti ya kubanki. Bambo wina yemwe ankametedwa ndevu anatukula mutu n'kunena kuti, "Inu, anthu awa ndi ndalama basi. Mawu a Mulungu adayamba liti kugulitsidwa?" Wometayo anangoseka. Inenso sindinayankhe, chifukwa funso la bamboyo lili ndi mayankho awiri ndipo onse ndi oona. Alipo amene amapempha chifukwa wailesi ikasowa thandizo itsekadi. Aliponso amene adasandutsa kamzere kaja khoka lokokera tindalama ta osauka. Kuti munthu asiyanitse awiriwa, ayenera kudziwa kaye kuti wailesi ya kanema imadya chiyani.

Ife anthu a mumpingo tidazolowera kusonkhera zinthu zokhala ndi mapeto. Tchalitchi chimafuna njerwa, simenti, malata. Mukafolera mwamaliza, mumayitana abusa aakulu kudzatsegulira, amayi amalulutira, nkhani yatha. Ambiri amaganiza kuti kanema amayendanso choncho: tigule makamera, timange situdiyo, basi uthenga uziuluka wokha. Ayi ndithu. Kanema ali ngati injini ya boti. Kugula injini n'kowawa, koma msodzi aliyense wa ku Makawa angakuuzeni kuti chimene chimamuwonda ndi petulo wa usiku uliwonse, nsomba zigwidwe kapena zisagwidwe.

Choyamba ndi chiphaso. Palibe amene amaulutsa mawu kapena zithunzi m'dziko muno popanda chilolezo cha bungwe la MACRA, ndipo chiphasocho si chogula kamodzi ngati njinga, chimalipiridwa chaka ndi chaka. Eni mawailesi akhala akudandaula kuti mtengo wake unkawerengeredwa m'madola pamene iwo amapeza makwacha. Amene amayesa kuti ndi nthabwala akumbukire 2022, pamene MACRA idalanda ziphaso za mawailesi angapo, a mawu ndi a kanema omwe, chifukwa cha ngongole za chiphaso. Walira mvula walira matope: tsiku lomwe mpingo ukuvina kuti wapatsidwa chiphaso ndi tsiku lomwenso ngongole yayamba kuwerengedwa.

Kenako chithunzicho chifike m'nyumba za anthu. Chiyambire pomwe mayiko adasamukira ku njira ya dijito, malinga ndi tsiku lomwe adagwirizana la 17 Juni 2015, wailesi ya kanema imapanga mapologalamu koma amene amawanyamula kupita nawo pa milongoti ndi kampani ya boma ya MDBNL, ija ya madikoda a Kiliye Kiliye. Kunyamulidwako n'kolipira. Wofuna kuonekanso kwa amene ali ndi madikoda a GOtv, DStv kapena Azam ayenera kukambirana ndi eni ake, komanso akhale ndi intaneti yamphamvu yotumizira zithunzi usana ndi usiku.

Za magetsi sindichita kufotokoza kwambiri, tonse timazidziwa. Namondwe wa Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya mphamvu pafupifupi mamegawati 130 ndipo tidakhala mumdima miyezi yambiri. Wailesi siingauze oonera kuti dikirani ESCOM iyatse. Imaliza jenereta, ndipo dizilo akasowa pamafilingi siteshoni, wina amagona pamzere ndi zigubu. Kuno kwathu kulinso vuto lina lomwe a ku Dedza saliganizira: kutentha. M'mwezi wa Okutobala makina a mu situdiyo opanda choziziritsira amapsa ngati nsomba pa chiwaya. Onjezanipo malipiro a ojambula ndi olumikiza zithunzi, ndalama ya COSOMA (bungwe loteteza umwini wa nyimbo) ya nyimbo zomwe mukuwulutsa, ndi mafuta a galimoto yokajambula kwaya ku Namwera kapena ku Makanjira, kumene msewu wake nthawi ya dzinja umadya matayala ndi masipuling'i.

Ndipo pafupifupi chida chilichonse cha kanema chimachokera kunja. Mu Meyi 2022 kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 idagwetsedwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Kamera ya madola 1,000 yomwe komiti idalemba pa bajeti kuti ndi K1,180,000 idadzuka m'mawa mwake ili K1,700,000, osawerengera msonkho ndi mtengo wonyamulira. Amene adasonkha anali atasonkha kale, ndalama zili m'banki, koma kamera yathawa.

Wina afunsa kuti bwanji osangoulutsa malonda ngati mawailesi ena. Ena amaterodi, ndipo si tchimo. Koma makampani aakulu otsatsa malonda ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo amafuna kumene kuli oonera ambiri, kumene kuli mpira ndi nkhani za ndale. Komanso malonda amene ali ndi ndalama zambiri masiku ano, a mowa ndi a juga ya mpira, ndi omwewo amene wailesi ya mpingo siingawalandire. Njira ina ndi kugulitsa nthawi kwa alaliki: wabwera ndi ndalama, tenga theka la ola. Imeneyi imabweretsa ndalama msanga, koma mwagulitsa guwa. Mawa lake mupeza pa kanema wanu pali munthu akugulitsa madzi odalitsidwa m'mabotolo, ndipo oonera sasiyanitsa kuti uyu ndi mlendo, amati ndi chiphunzitso cha mpingo wanu. Zonsezi zikachoka, chotsala ndi kupita kwa anthu amene amaonera n'kuwauza kuti wailesiyi ndi yanu, igwireni mkono.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Ku America, mlaliki Pat Robertson adatsegula kawailesi ka kanema ku Portsmouth m'chigawo cha Virginia mu 1961. Pofika 1963 ankafunika madola 7,000 mwezi uliwonse kuti asatseke, ndipo adapempha anthu 700 kuti aliyense azipereka madola 10 pamwezi. Dzina la pologalamu yotchuka ya 700 Club lidachokera pamenepo. Munthu angatsutsane ndi Robertson pa zambiri, ine ndemwe, koma masamu akewo ndi oyenera kuwaphunzira. Adayamba ndi kuwerengera chimene wailesi imadya, n'kuchigawa m'tizidutswa toti munthu wamba angathe kusenza, n'kunena poyera kuti akufuna anthu angati. Sanati perekani mmene Mzimu wakutsogolerani kenako n'kumadabwa kuti zosonkhazo sizikukwana. Mother Angelica, sisitere amene adayambitsa wailesi ya kanema ya Chikatolika ya EWTN mu 1981 mu galaja ya nyumba ya masisitere ku Irondale m'chigawo cha Alabama, ankakonda kuuza oonera kuti aziika wailesiyo pakati pa bilu ya gasi ndi ya magetsi. Kunena kwina, aziyikumbukira mwezi ndi mwezi monga amakumbukira zolipira zina za pakhomo.

Ife a ku Mangochi sitifunika kuyang'ana kutali choncho. Radio Maria Malawi idayamba kuulutsa mawu konkuno mu 1999, ndipo banja la Radio Maria, lomwe lidayambira ku Italy, limadziwika padziko lonse ndi mwambo wodalira zopereka za omvera ndi anthu ongodzipereka osati malonda. Mawu akuti Mariatona ngakhale mwana wa mphakati amawadziwa: masiku aja osonkhetsa ndalama za wailesi, amene mapologalamu a nthawi zonse amapatuka, mafoni n'kumalira, maparishi n'kumapikisana mwaubale. Ku Balaka, komwe kulinso mu dayosizi ya Mangochi, kuli Luntha TV ya ansembe a chipani cha Montfort. Choncho aliyense wofuna kuyambitsa kapena kuchirikiza utumiki wa kanema kuno akulowa m'dera limene anthu adamva kale pempho lotere, ndipo amadziwa kusiyanitsa wopempha mwaulemu ndi wowakama.

Masiku osonkhetsa pa wailesi ali ndi chinsinsi chimene oonera sachidziwa. Pamakhala manambala atatu, koma limene limalengezedwa ndi kuwomberedwa m'manja ndi limodzi. Loyamba ndi malonjezo: munthu wamva nyimbo yamugwira mtima, wamva mnzake wa kwaya watchulidwa dzina, wayimba foni n'kulonjeza K20,000. Lachiwiri ndi ndalama imene imafikadi, chifukwa pakati pa lonjezo ndi kumapeto kwa mwezi pamagwa maliro, mwana amadwala malungo, fizi imafunika. Lachitatu ndi chimene chimatsala mukachotsa zimene mwaononga posonkhetsapo: mafuta, zakudya za alendo, matisheti, zitenje, kubwereka zokuzira mawu. Komiti yosazindikira imapanga bajeti pa nambala yoyamba ija, n'kutenga katundu pa ngongole. Akuluakulu adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Lonjezo ndi fodya wa pachala.

N'chifukwa chake ntchito yeniyeni imayamba makamera akazima. Pafunika buku, kaya la pepala kaya la pa kompyuta, lolembamo dzina, nambala ya foni, mpingo kapena mphakati, ndi chimene munthu walonjeza. Pafunika munthu woleza mtima woyimba foni, osati kukalipira ngati wa katapila, koma kuthokoza kaye: "Mayi, tamva lonjezo lanu, Ambuye akudalitseni. Mukakonzeka nambala yake ndi iyi." Ndaona m'makomiti a mpingo momwe ndakhalamo kuti anthu ambiri amene amasiya kupereka sikuti ndalama zawathera. Adapereka kamodzi, palibe adawauza kuti yafika, palibe adati zikomo, ndipo ulendo wotsatira umene adamva za ife ndi pamene tinkapemphanso.

Tsopano tiyerekeze masamu. Tinene kuti kawailesi kakang'ono kakufuna K4 miliyoni pamwezi (ndangotola nambalayi kuti tiwerengere bwino). Mungaipeze kwa mkulu mmodzi wa bizinesi amene walonjeza kulipira yonse, kapena kwa anthu 2,000 opereka K2,000 aliyense. Njira yoyamba njokoma, foni imodzi basi. Koma tsiku limene malole a mkuluyo aima, kapena wakhumudwa ndi ulaliki wina umene wamulasa, wailesi yagwa tsiku lomwelo. Ndipo ngakhale asachoke, aliyense mu situdiyo amadziwa nkhani zimene sayenera kuzikhudza. Mwa anthu 2,000 aja, 100 akasiya, mwataya K200,000, zowawa koma simutseka. Kuwapeza ndi kuwasunga anthu 2,000 ndi ntchito yotopetsa, ya zaka, ndipo ndi yomwe atsogoleri ambiri amaithawa n'kumathamangira kwa "akufuna kwabwino".

Pa akufuna kwabwinowa pali mitundu iwiri yofunika kuichenjerera. Woyamba ndi wandale. Chaka cha chisankho amakhala wowolowa manja, amabwera ndi envulopu ndi ojambula ake, ndipo mphatso yakeyo imabwera ndi chingwe. Wachiwiri ndi abale a kunja, mipingo ndi mabungwe a ku Ulaya ndi ku America. Awa adatithandiza kwambiri ndipo tisawanyoze, zipatala ndi sukulu zambiri za mishoni zidamangidwa ndi thukuta lawo. Koma kawirikawiri amakonda kugula chinthu chooneka, kamera, galimoto, nyumba, chimene angachijambule n'kukaonetsa kwawo. Malipiro a mlonda ndi dizilo wa jenereta amati zimenezo ndi zanu. Kulandira situdiyo yaikulu popanda gulu la anthu akuno oti aziyidyetsa kuli ngati kupatsidwa ng'ombe ulibe khola ndi msipu.

Pali chinthu china chimene olemba mapulani ali mu ofesi amachiphonya, ndipo kuno n'chachikulu. Mawu akuti "mwezi ndi mwezi" ndi kalendala ya munthu wa pa malipiro: mphunzitsi, namwino, wapolisi, wogwira ntchito ku mahotela a m'mbali mwa nyanja. Anthu ambiri a boma lino, lomwe kalembera wa 2018 adapeza kuti lili ndi anthu opitirira 1.1 miliyoni, ndalama zawo zimayendera nyanja ndi munda. Msodzi wa usipa amapha bwino usiku wa mdima pamene nyali zimakopa nsomba, mwezi ukawala zinthu zimavuta. Mwera ukawomba m'miyezi yozizira, mabwato amakhala kumtunda masiku angapo. Kumapeto kwa chaka nyanja imatsekedwa kwa makoka ena kuti nsomba ziswane. Mlimi ali ndi ndalama akakolola, koma Januwale ndi Febuluwale nkhokwe ili mbee, ndipo kupempha munthu nthawi imeneyo ndi kumuchimwitsa. Wosonkhetsa wanzeru amalola kuti wina apereke kamodzi pachaka akagulitsa nandolo, wina katatu, wina mlungu uliwonse K500. Amalolanso thumba la chimanga, mpunga, lichero la usipa wouma kapena mbuzi, monga timachitira pa masika. Chofunika n'chakuti thumbalo lilembedwe m'buku tsiku lomwe lafika, ndi mtengo umene lagulitsidwa ulembedwenso, chifukwa katundu amasowa msanga kuposa ndalama.

Ndiye pali a ku Joni. Palibe mudzi kuno wopanda mwana ku Johannesburg, Durban kapena Cape Town, ndipo nyumba zambiri za malata zomwe mukuziona m'midzi zidamangidwa ndi marandi. Anthu amenewa ali ndi ludzu la kwawo. Kanema akamaulutsidwanso pa Facebook kapena pa YouTube, iwo ndi amene amakhala oyamba kulemba kuti tikuonera kuno, perekani moni kwa amayi. Akaona kwaya ya kwawo, tchalitchi chomwe adabatizidwiramo, amatumiza kudzera ku Mukuru kapena kwa mbale wawo. Ndi gwero lenileni, koma tisawayese mgodi. Ambiri amagwira maganyu, ena alibe mapepala, ndipo pamsana pawo pali kale banja lonse.

Foni yafewetsa zinthu kwambiri. Kale munthu wa ku Malindi kapena ku Monkey Bay ankayenera kudikira wina wopita ku boma kuti amupatsire chopereka, ndipo ndalama yopatsira imachepa m'njira. Lero K1,000 imafika mu kamphindi. Koma njira yomweyo ndi imene akuba amadzera. Tonse tidalandirapo uthenga uja wakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Masiku osonkhetsa akuba amamvera nawo wailesi, amamva maina a olonjeza, ndipo amatha kuyimba ngati ndi a ku situdiyo. Mankhwala ake ndi kukhala ndi nambala imodzi yodziwika, yolembetsedwa m'dzina la bungwe, ndi kubwereza pa kanema kuti palibe nambala ina. Nambala ya m'dzina la munthu, ngakhale akhale abusa okhulupirika chotani, imasakaniza ndalama ya Mulungu ndi ya ndiwo, ndipo tsiku lomwe mwini nambala wamwalira kapena wachoka mumpingo, mlandu wake sutha.

Sitingakambe za kanema wa Chikhristu ku Mangochi ngati kuti tili tokha. Anthu ambiri m'boma lino ndi Asilamu, ndipo ndi achibale athu, azilamu athu, ogula ndi ogulitsa anzathu. Pali kapemphedwe kena kamene kamakoma kwa opereka akutali: kujambula dera lino ngati bwalo la nkhondo, n'kumati tithandizeni tikagonjetse. Ndalama ingabwere, koma amene atsale ndi moto ndi mkhristu wa m'mudzi amene amatunga madzi pa mjigo umodzi ndi anthu onyozedwawo. Wailesi imene imalalikira chikhulupiriro chake mosabisa koma mosatukwana, imene ili ndi mapologalamu a Chiyao, imene imaphunzitsa za kolera, za likodzo, za ulimi ndi za kusunga atsikana pasukulu, imaonedwa ndi mudzi wonse. (Ndipo pa nkhani ya kupereka, anzathuwa sitingawaphunzitse zambiri. Zakaati ili ndi muyeso wake wodziwika, ndipo sadaka ndi mawu amene tonse timawagwiritsa ntchito.)

Vuto lina lili m'nyumba mwathu momwe. Thumba limene kanema akupemphamo ndi lomwelo limene mukuchokera chakhumi, mtulo, masika, chopereka cha pepala, ya chitukuko, ya maliro a mumphakati ndi yunifomu ya amayi a Mvano. Abusa ndi ansembe ena salengeza pempho la wailesi ndi mtima wonse chifukwa amaopa kuti mbale ya Lamulungu ipepuka, ndipo mantha awowo si opusa. Wosonkhetsa amene amalumpha abusa n'kupita kwa nkhosa mwachindunji amapambana chaka chimodzi chokha. Wanzeru amakhala pansi ndi akuluampingo, amagwirizana mwezi umene sukuwombana ndi masika, ndipo amanena poyera kuti chopereka cha kanema sichilowa m'malo mwa cha kumpingo. Koposa zonse amabweretsa kamera kumudziko. Anthu amene aona mwana wawo akuimba pa kanema safunanso ulaliki wautali wa kupereka.

Tsopano tibwere pa chimene chinkamuwawa bambo wometedwa ndevu uja. Pali kusiyana pakati pa kunena kuti "wailesi ikufuna K4 miliyoni, tithandizeni" ndi kunena kuti "bzalani mbewu ya K50,000 ndipo pofika Lachisanu visa yanu ituluka". Woyamba akupempha, wachiwiri akugulitsa chinthu chimene si chake. Chiphunzitso cha kubzala mbewu chidatchuka ndi mlaliki wa ku America Oral Roberts, yemweyo amene mu 1987 adauza oonera kuti Mulungu amutenga akapanda kupeza madola 8 miliyoni pofika kumapeto kwa Malichi. Chidawoloka nyanja, ndipo lero chimamveka m'Chichewa chosalala bwino. Chimagwira ntchito, n'chifukwa chake sichitha. Koma taonani amene chimamugwira: si munthu wokhuta, ndi mayi amene mwana wake akudwala, mnyamata amene wasowa ntchito zaka zitatu, banja losowa mphatso ya mwana. Ena amakatenga ndalama ku banki m'khonde, ena kwa akatapila, kuti abzale. Chozizwitsa chikapanda kubwera amauzidwa kuti chikhulupiriro chawo chidachepa, choncho ataya ndalama, atayanso mtendere. Pa Machitidwe 8, Simoni atafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, Petro sadamulembere lisiti, adamudzudzula koopsa. Sindiona chifukwa choti wogulitsa akhale wosalakwa pamene wogula adadzudzulidwa.

Kumene njira imeneyi imathera kudaonekera pa Jim Bakker, mlaliki wa pa kanema wa ku America wa utumiki wa PTL. Iye ankagulitsa kwa oonera "ubwenzi wa moyo wonse" pa madola 1,000, n'kuwalonjeza malo ogona masiku atatu chaka chilichonse ku hotela ya pa malo ake a Heritage USA. Adagulitsa malonjezo ochuluka kuposa zipinda zomwe zidalipo, ndalama zina n'kumalowa m'moyo wake wapamwamba. Mu 1989 khoti lidamupeza wolakwa pa mlandu wa chinyengo ndipo adapita kundende. Chimene chidapsa si utumiki wake wokha. Alaliki oona mtima nawonso adavutika kupempha kwa zaka zambiri chifukwa oonera ankati onse ndi amodzi.

Chodabwitsa n'chakuti Baibulo lomwe timalalikira pa kanemapo lidafotokoza kale kasungidwe ka ndalama za anthu. Pa 2 Mafumu 12, wansembe Yehoyada adaboola chivundikiro cha bokosi n'kuliika pafupi ndi guwa, ndipo likadzaza ankawerenga anali awiri, mlembi wa mfumu ndi mkulu wa ansembe. Pa 2 Akorinto 8, Paulo posonkhetsa thandizo lopita kwa akhristu a ku Yerusalemu sadafune kunyamula thumba yekha, adayenda ndi abale osankhidwa ndi mipingo, kuti pasapezeke womunena. Ngati Paulo adafuna mboni, mtumiki wa lero amene amakwiya akafunsidwa za mabuku, n'kumati musakhudze wodzozedwa, akudziika pamwamba pa Paulo.

M'machitidwe a tsiku ndi tsiku zimenezi si zovuta kumvetsa. Utumiki ulembetsedwe mwalamulo ndi matrasti ake, ndipo matrastiwo asakhale abusa, amayi busa, mlamu wawo ndi mwana wawo woyamba. Akaunti ya kubanki isayinidwe ndi anthu osachepera awiri, wosunga ndalama asakhale yemweyo wolemba mabuku, lisiti iperekedwe ngakhale pa K500. Kamodzi pachaka abwere wowerengera ndalama wochokera kunja kwa bungwe. Ku America mabungwe a chievanjeliko adachita kukhazikitsa bungwe la ECFA mu 1979 kuti liziona zimenezi pakati pawo. Kwathu kuno chida champhamvu kuposa zonse chili kale m'manja mwa wailesi: kanema yemweyo. Ngati mudatha masiku atatu mukupempha pa kanema, simungalephere theka la ola lowerengera anthu kuti zidalowa zingati, dizilo adadya zingati, MACRA zingati, malipiro zingati, ndipo zatsala zingati.

Pamene anthu abwino amagwera kawirikawiri si pa kuba, ndi pa kusuntha ndalama. Mwapempha ya kamera, anthu apereka ya kamera, koma mwezi womwewo ogwira ntchito sanalandire ndipo jenereta yafa. Komiti imati tibwereke kaye, tidzabweza. Chaka chimatha kamera palibe, ndipo chaka chamawa mukupemphanso ya kamera yomweyo. Palibe adadya ndalama, koma mayi amene adagulitsa nkhuku yake sadziwa zimenezo, amangoona kuti adanamizidwa. Zikavuta choncho, kuli bwino kubwerera kwa anthu n'kuwauza zoona musanaikhudze ndalamayo. Chimodzimodzi ndi mfuu ija yakuti tikapanda kupeza ndalama mwezi uno titseka. Ikakhala yoona inenedwe, koma ikamamveka chaka chilichonse anthu amaizolowera ngati tambala wolira usiku. Wailesi imene ikuyenda bwino imayesetsa kusunga padera ndalama ya miyezi ingapo, ndipo imauza opereka kuti ikusunga, kuti asadzadabwe akamva kuti m'banki muli kanthu.

Ndinene maganizo anga pa funso limene ambiri safuna kulimva: kodi utumiki uliwonse ukufunikadi wailesi yakeyake? Nyumba zambiri za m'midzi ya Mangochi zilibe magetsi, ndipo kanema amaonerera kwa aneba, ku vidiyo sho kapena pa foni bando ikakhalapo. Wailesi ya mawu imafika m'boti pakati pa nyanja ndi kumunda, kumene kanema safika, ndipo ya m'dera ngati Dzimwe ili kale ndi omvera ake. Mpingo wa anthu mazana angapo ungachite zambiri pogula theka la ola mlungu uliwonse pa wailesi imene ilipo kale, kapena pojambula bwino mapemphero ndi foni yabwino n'kuwaika pa Facebook, kusiyana ndi kusenzetsa akhristu ake chiphaso, jenereta ndi malipiro a anthu khumi. Nthawi zina chimene chimafuna siteshoni si uthenga, ndi dzina la mtumiki.

Kwa inu amene mwagwira foni ndipo kamzere kaja kakudutsa, muli ndi ufulu wofunsa musanatumize. Funsani ngati ndalama ya chaka chatha idalengezedwa mmene idayendera, ndiponso amene amayang'anira mabuku kupatula mtumikiyo. Mvetserani ngati akukupemphani kuti muthandize ntchito kapena akukulonjezani chozizwitsa cha mtengo wakutiwakuti. Ya mankhwala a mwana ndi ya fizi musaikhudze, ndipo musakongole kuti mupereke. Mukalemba nambala ndi ndalama, foni imakuonetsani dzina la wolandira musanaike nambala yanu yachinsinsi. Liwerengeni dzinalo, ndipo likakhala la munthu osati la bungwe, imbani kaye ku situdiyo mufunse chifukwa chake.